Chovala cha nsomba cha mwana: katoni, salaula, thumba la ufa kapena kwa telala?

Aphunzitsi akati mwana wanu adzakhala nsomba pa sewero la kusukulu, kapena ku Sande sukulu amusankha kuti akhale chinsomba chimene chinameza Yona, makolo ambiri timathamangira maonekedwe: chiwale, anthu aombe m'manja, chithunzi chituluke bwino. Koma amene adzasenze chovalacho ndi mwana, mwina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, akudikira kuti akuluakulu amalize zolankhula. Muyeso wanga ndi uwu: chovala chabwino ndi chimene mwana angakhale nacho pansi, kuthamanga nacho, kupita nacho kuchimbudzi, osalira. Kukongola kubwere pambuyo.

Chogula chosokeratu sindichiwerengera pano. M'mashopu akuluakulu zovala zamasewero zimabwera mwa apo ndi apo, zambiri zimakhala za anthu a m'makatuni, ndipo kuitanitsa pa intaneti kuchokera kunja kumafuna masabata amene kalata ya kusukulu sikupatsani.

Zoyenera kuyeza musanagwire sizasi

Yambani ndi kalendala. Masiku amene sukulu za muno mu Lusaka zimakonda kuchita masewero amagwa m'nyengo zosiyana kotheratu. Tsiku la Madzi, pa 22 Malichi, limapeza mvula isanatsazike. Tsiku la Zachilengedwe, pa 5 Juni, m'mawa kumakhala chisanu choluma. Tsiku la Ufulu, pa 24 Okutobala, limagwa m'mwezi wotentha koposa, pamene masana kutentha kumadutsa madigiri 30. Ndipo mwambo wotsazika ana a nasale, kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala, umakumana ndi mvula ndi matope. Chovala chimene chingamukomere mwana mu Juni chikhoza kumufoola mu Okutobala.

Kenako msinkhu. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa, choncho mabatani, mikanda ndi zitsekerero za mabotolo zisamuyandikire. Wa zaka 4 kapena 5 akanena kuti akufuna kutaya madzi ndiye kuti nthawi yatha kale, chovala chizivuka msanga, mphunzitsi mmodzi yekha atha kumuvula. Wamkulupo amapirira zolemera, koma ndiye amathamanga kwambiri ndi kung'amba.

Onaninso nthawi imene muli nayo, luso la m'manja mwanu, ndi malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, momwe magetsi ankathimira tsiku lathunthu. Njira yodalira makina osokera amagetsi kapena guluu wotenthetsa ndi magetsi ikhoza kukusiyani panjira usiku womaliza. Singano ndi ulusi sizidikira malaiti.

Pa chitetezo, zinthu zinayi sindizinyengerera: chingwe chisazungulire khosi, maso asatsekeke kutsogolo ngakhale m'mbali, mchira usakwawe pansi, ndipo chovalacho chitalikirane ndi moto. M'nyumba zathu zambiri mbaula ya malasha imakhala pakhomo ndipo kandulo imayaka madzulo. Mwana amene wavala mchira sadziwa kuti thupi lake latalika kumbuyo.

Chomaliza, chimene ambiri amachidumpha: nsomba yanji? Kusankha kumeneku kumachepetsa kapena kuchulukitsa ntchito kuposa china chilichonse. Mlamba ulibe mamba. Mukapeza chovala chakuda kapena chotuwa, mimba yoyererako, pakamwa potakata ndi ndevu 8, mwamaliza, ndipo aliyense m'holo adzauzindikira. Bream ya mu Kafue, m'bale wake wa chambo, imafuna mamba ambiri, chipsepse chachitali chapamsana, ndi madontho atatu akuda m'mbali. Tiger fish ya mu Zambezi ili ndi mizere yakuda yotsata thupi, mchira wofiirira ndi mano oonekera. Ana okonda zoopsa amaifuna kwambiri. Kapenta ndi wasiliva basi, ndipo amakoma akakhala gulu la ana ambiri oyenda pamodzi. Ngati aphunzitsi akufuna kuti mwana anenepo mawu, kapenta ali ndi mbiri yake: wa ku Kariba anachita kutengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Ine ndimakonda kuti mwana avale nsomba imene waionapo pamsika kapena m'mbale, chifukwa amaisewera ndi mtima wonse, ndipo agogo ake akamuona amaitchula dzina.

Njira yoyamba: katoni

Mumadula nsomba ziwiri zofanana, ina kutsogolo ina kumbuyo, n'kuzilumikiza ndi timalamba tansalu todutsa pamapewa. Ena amadula nsomba yopingasa, mwana n'kuima pakati pake mutu uli kutsogolo mchira kumbuyo. Imeneyi imaoneka bwino kwambiri kuchokera patali koma imadya malo.

*Mtengo.* Iyi ndi imodzi mwa zotchipa kwambiri. Ndalama imapita ku penti, guluu ndi tepi basi.

*Kupezeka.* Pa kantemba kalikonse, kapena kwa ogulitsa zinthu zambirimbiri ku Kamwala ndi ku Soweto, katoni mupeza, ena angokupatsani. Funani yaikulu yopanda mafuta, ndipo funsani chimene chinali m'katimo. Ya sopo kapena mabisiketi ili bwino. Ya mankhwala ophera tizilombo isiyeni. Podula chipsepse, mizere ya m'kati mwa katoni iimirire choongoka, apo ayi chipsepse chidzagwa khosi sewero lisanayambe.

*Kusamala.* Katoni ndi ya tsiku limodzi, kapena awiri mukachita mwayi. Siichapika. Mukamata mamba ndi phala la ufa wa tirigu kapena wa chinangwa, limagwira ndithu, koma limaitana mphemvu ndi makoswe. Musamuveke mwana kunyumba. Mu minibasi yodzaza nsombayo idzafika itathyoka msana. Inyamuleni yogonetsa, mukamuveke kusukulu.

*Zoopsa.* Mvula ndiye mdani wamkulu: ikanyowa imafewa, penti n'kuyenderera pa yunifolomu. M'mphepete modulamo mumakanda khosi ndi m'khwapa, choncho mukutire ndi tepi kapena kansalu. Timawaya ta sitepula tisayang'ane kuthupi. Gwiritsani penti yosungunula ndi madzi, ija ya ana asukulu. Penti yamafuta yopaka zitseko kapena yopopera imanunkha masiku angapo, ndipo mwana adzaipuma pansi pa mphuno maola onse. Vuto lina n'lakuti mwana sangakhale bwino pabenchi atavala katoni, ndiye ngati pulogalamu ndi yaitali, pakhale munthu womuvula ndi kumuveka.

Njira yachiwiri: malaya a salaula ndi zidutswa za chitenge

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kwa mabanja ambiri njira yabwino ndi imeneyi. Mumagula pa salaula, ndiko kuti zovala zogulitsidwa zitavalidwa kale, tisheti yokulirapo pang'ono, kapena juzi ya chipewa ngati ndi mu Juni, n'kusokerapo mamba a nsalu. Chipewa cha juzi chimasanduka mutu wa nsomba: maso m'mbali, mano kapena milomo kuzungulira nkhope, chipsepse chotsika pamsana. Mwana amamva ngati wavala zovala zake za masiku onse.

*Mtengo.* Wapakatikati, ndipo ukhoza kutsika kwambiri ngati m'nyumba muli kale malaya amene mkulu wake anawasiya. Chitenge chatsopano sichofunika. Chimene mumalipira kwenikweni ndi nthawi yanu. Tisheti ya mwana wa zaka 5, mamba ake akakhala a masentimita 7 m'lifupi, imadya mamba pafupifupi 50 kutsogolo ndi ena 50 kumbuyo. Kudula ndi kusoka zimenezo pamanja ndi ntchito ya madzulo angapo. Pali njira yachidule: m'malo modula mamba limodzilimodzi, dulani nsalu yaitali yokhala ndi mafunde m'munsi mwake, mzere wonse usokedwe kamodzi. Kuchokera pamene anthu akhala, palibe adzaone kusiyana.

*Kupezeka.* Salaula ili paliponse, ku City Market, ku Soweto, ndi m'misika ya m'makomboni monga Matero, Chawama, Mtendere ndi Chilenje. Zidutswa za chitenge pemphani kwa telala wa pafupi ndi kwanu. Pansi pa makina ake pamakhala mulu wa zotsalira, ndipo zambiri zimangotayidwa. Musadandaule kuti mitundu yasiyana. Mamba osakaniza obiriwira, abuluu ndi achikasu amaoneka amoyo kuposa a mtundu umodzi. Posoka yambirani m'munsi, kumchira, kukwera kumutu, mzere wapamwamba uziphimba msoko wa wapansi, monga momwe amafolerera nyumba ya udzu. Mukayambira kumutu misoko yonse idzaonekera.

*Kusamala.* Ichi chimachapika, chimapindika, chimalowa m'chikwama, ndipo mng'ono wake adzachivala chaka chamawa. Chitenge chodulidwa chimasosoka m'mphepete. Mukhoza kupinda mamba aliwonse, koma ndi ntchito yaikulu. Chapafupi n'kuchapa pamanja mofatsa osafikisa, kapena kudula mamba kuchokera ku matisheti akale, chifukwa nsalu ya tisheti siisosoka. Mchira ndi chipsepse muziikamo siponji yopyapyala ya matiresi akale, osati katoni, kuti zidzalowe m'madzi bwinobwino.

*Zoopsa.* Chovala cha salaula chichapidwe ndi kusitidwa mwana asanachiyese n'komwe. M'nyengo ya mvula kusita n'kofunika kawiri: ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka zogwera pansi, ndipo simbi yotentha ndi imene imawapha. Pachifukwa chimenechi sankhani nsalu ya thonje, imene imapirira simbi, kusiyana ndi zoterera za nayiloni zimene zimasungunuka. Chingwe cha m'chipewa cha juzi chisololeni n'kuchichotsa; chimakola pa katungwe kapena pa chitseko. Maso a nsomba akhale a nsalu yosokerera, osati mabatani, ngati mwana ndi wamng'ono. Mukamaliza, papasani chovala chonse ndi dzanja kufuna pini yotsalira. Ndipo musamuveke juzi mu Okutobala ngakhale itakongola chotani. Mamba akawonjezeka pamwamba pake, mwana amakhala ngati wavala zovala zitatu.

Njira yachitatu: thumba la ufa ndi zotola

Sukulu zambiri pa Tsiku la Zachilengedwe zimanena mwachindunji kuti chovala chipangidwe ndi zinthu zotayidwa. Thumba la ufa la makilogalamu 25 limamukwana mwana wa zaka 4 mpaka 7: mubowola pamutu ndi pamikono, m'munsi n'kudula ngati mchira. Mamba amachokera ku mapaketi a zokhwasula, mutawatembenuza kuti mbali yasiliva iyang'ane kunja. Kapenta wa mtundu umenewu amanyezimira padzuwa mochititsa kaso.

*Mtengo.* Pafupifupi ulere, koma ulusi wolimba ndi singano yaikulu muyenera kugula, chifukwa guluu wamba sagwira pa thumba. Penti nayonso imakanganuka ikauma.

*Kupezeka.* Nyumba iliyonse yodya nsima ili ndi thumba. Mapaketi yambani kusonkhanitsa sabata isanakwane, ndipo ana a pamalo panu adzakuthandizani mokondwa. Atsukeni ndi sopo, chifukwa mchere ndi mafuta otsalira zimaitana nyerere.

*Kusamala.* Mvula siliopsa, mumangolipukuta. Koma thumba likadulidwa limasosoka msanga, ndipo likayamba silileka. Pindani m'mphepete kawiri n'kusoka. Ena amawaula m'mphepete ndi kandulo. Zimatheka, koma pamatsala timinga touma tokanda khungu, ndipo ntchitoyo ndi ya munthu wamkulu, mwana ali kutali.

*Zoopsa.* Njira iyi ili ndi zoopsa zambiri kuposa zinzake, ndipo ndikupemphani muzitenge mozama. Thumba limene munali feteleza, mbewu yothira mankhwala, kapena chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe lisafike pathupi la mwana, ngakhale mutalichapa. Thumba la ufa nalonso ndi pulasitiki: silipitisa mpweya bwino, limayabwa, ndipo likakhudza moto limasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mwana avale tisheti ya thonje m'kati, ndipo alivale nthawi yochepa. Zitsekerero zachitsulo za mabotolo zili ndi mano ocheka. Ma CD akale amawala bwino ngati mamba, koma mwana akagwa amasweka n'kusiya nsonga zakuthwa. Ine sindiwaika pa chovala cha mwana. Jumbo kapena pulasitiki iliyonse yofewa isakhale mbali ya mutu wa nsomba.

Njira yachinayi: kwa telala

*Mtengo.* Iyi ndiyo yodula: nsalu, siponji, zipi, ndi ntchito ya manja. Atelala ambiri sanasokepo nsomba, ndiye mtengo amauyeza ndi nthawi imene akuganiza kuti iwatengera. Mukhoza kuutsitsa pogawana ntchito: iwo asoke thupi, mchira ndi chipsepse, mamba ndi maso mukamalize nokha. Ngati ana a nsomba ndi ambiri m'kalasi, makolo mugwirizane mupite kwa telala mmodzi. Akadula patani imodzi, zotsatirazo zimafulumira ndipo mumakhala ndi pokambira mtengo.

*Kupezeka.* Atelala ali mumsika uliwonse, ndipo nsalu yosankha ili ku Kamwala. Chosowa ndi nthawi yawo. Kumayambiriro kwa Malichi amakhala atapanikizika ndi zitenge za Tsiku la Azimayi, mu Okutobala ndi zovala za Ufulu, mu Disembala ndi maukwati ndi Khirisimasi, mu Januwale ndi mayunifolomu. Pitani masabata awiri kapena atatu lisanafike tsiku, ndipo tsiku lotenga mugwirizane la m'mbuyo pang'ono kuti patsale mpata wokonza. Funsaninso ngati ali ndi makina opalasa ndi mapazi, amene amasoka ngakhale malaiti atapita.

*Kusamala.* Chosokedwa bwino chimakhala zaka, n'kuzungulira m'banja kapena mumpingo. Pemphani kuti asiye nsalu yokwanira mumpendero ndi m'mbali kuti mudzachikulitse. Chisungeni chouma bwino; siponji yosungidwa ndi chinyontho imachita nkhungu.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu n'kusamvana. Mukangonena kuti "nsomba", mukhoza kulandira diresi lothina m'miyendo limene mwana sangaponye nalo phazi. Tengani chojambula, mutengenso mwanayo akamuyeze, ndipo nenani momveka: "A telala, miyendo ikhale yomasuka, mchira ulekezere m'mawondo, ndipo pakhale potsegula poti aphunzitsi amuvule msanga." Nsalu yonyezimira ya satini imakopa maso pa shelefu, koma yambiri ndi ya pulasitiki, imatentha, imaterera, ndipo ikakhudza moto imasungunuka. Ngati mwaikonda, ikhale ya mamba okha, thupi likhale la thonje.

Njira yachisanu: chipewa ndi zipsepse zokha

Iyi ndi yaifupi kuifotokoza. Mwana avala zovala zake za mtundu umodzi, kumutu chipewa chokhala ndi maso ndi chipsepse, m'mikono tizipsepse ta lasitiki, kumbuyo kamchira kosokerera pa kabudula.

*Mtengo.* Wochepa kwambiri.

*Kupezeka.* Kapu yakale ndi zidutswa zochepa; ola limodzi kapena awiri zatheka.

*Kusamala.* Zimatayika msanga chifukwa ndi tizidutswa tosiyana. Lembanipo dzina.

*Zoopsa.* Lasitiki isathine mkono, ndipo chipewa chisakhale ndi chingwe chomanga pansi pa chibwano. Pa siteji yaikulu sichioneka kwambiri, ndipo mwana wamkulupo akhoza kudziona wochepekedwa pakati pa anzake ovala thupi lonse. Zimenezo si zazing'ono kwa mwana wa giredi 3; mufunseni maganizo ake musanasankhe.

Ndiye inuyo mutenge iti?

Ngati kalata yafika mochedwa ndipo sewero ndi mawa kapena mkuja, kunja kuli kouma, tengani katoni, mwanayo apente nawo mamba. Ngati ndi nyengo ya mvula ndipo nthawi ndi yomweyo, pangani mlamba: tisheti yakuda, kapu yokhala ndi ndevu za nsalu, ndi mchira. Palibe mamba oti mudule.

Mwana wa nasale, makamaka wosakwana zaka 3, chipewa ndi zipsepse zamukwanira. Pa msinkhu umenewo chovala chachikulu chimangomuopsa, ndipo ambiri amachivula sewero lisanayambe.

Pa Tsiku la Ufulu, pamene ana amaima pabwalo dzuwa likuswa mtengo, sankhani tisheti ya thonje yokhala ndi mizere yochepa ya mamba, ndipo mumupatse botolo la madzi. Thumba la ufa ndi juzi zidikire mwezi wina. Mu Juni ndi Julayi zinthu zimatembenuka: juzi ya chipewa ndiyo yabwino koposa, ndipo ngati sukulu yalamula zotola, thumba la ufa pamwamba pa zovala zofunda silivutitsa.

Ngati muli ndi sabata yathunthu, singano mumaigwira, ndipo kumbuyo kuli ang'ono ake amene adzafunenso chovala, musaganize kawiri: salaula ndi zidutswa za chitenge. Kwa aphunzitsi a Sande sukulu kapena eni nasale amene amachititsa sewero lomwelo chaka ndi chaka, ndalama ya telala siitayika. Sokani zazikulu pang'ono, zotsegula kumbuyo, zoti zikwane ana a misinkhu yosiyana. Chinsomba cha Yona chokha, choti mwana wina alowemo n'kutulukamo, chimafuna katoni yaikulu ya firiji kapena ya sitovu, yotsegula mbali zonse ziwiri, yoimikidwa pansi osati yovala.

Njira iliyonse imene mwasankha, mwana achiyese kutatsala tsiku limodzi, kwa mphindi 20 kapena 30: akhale pampando, akwere sitepe, atole chinthu pansi, ayang'ane kumanzere ndi kumanja, apite kuchimbudzi. Pamene wakanda kapena kukoka, konzani pamenepo usiku womwewo.